Kodi Tili ndi Ngongole kwa Mphaka?

Ku Nzama, m'mapiri a Ntcheu, mphaka ndi mlonda wa nkhokwe: chimanga chimene makoswe akanadya amachipulumutsa ndiye. Komabe akaswa, nthawi zina tiana take timamangidwa m'thumba n'kutayidwa kutchire. Ife a kunyanja sitisiyana nawo. Mphaka akangoyandikira usipa pathandala, mwala uli kale m'manja.

Ku Lilongwe, bungwe la LSPCA limalandira amphaka ndi agalu otayidwa, ndipo anthu ongodzipereka amathandiza kuwasamalira. Ena a ife timafunsa ngati n'koyenera kuthera nthawi pa chinyama pamene mwana wamasiye wagona ndi njala. Funsoli n'lolemera, ndipo mwana adye poyamba. Koma kawirikawiri wolifunsa sanadyetse mwanayo, ngakhale mphakayo.

Mtumiki (SAW) anatiuza za mayi wina amene analangidwa ndi Moto chifukwa cha mphaka amene anam'tsekera mpaka kufa. Sanam'patse chakudya, ndiponso sanam'masule kuti akadzisakire yekha. Womanga thumba pakamwa amachita zonse ziwirizo. Lilongwe ili kutali ndi Nzama, koma mnansi amene makoswe akum'thera chimanga amakhala kuseri kwa mpanda, ndipo kamwana ka mphaka angakalandire.