Madzi a Pilato Anatayidwa Kuti?

Pali mawu a Chingerezi amene aphunzitsi, anamwino ndi alaliki amakonda kuwatchula ngati vesi: "cleanliness is next to godliness", kunena kuti pambuyo pa kuopa Mulungu, chachiwiri ndi ukhondo. Fufuzani kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, simuwapeza. Anawatchukitsa ndi John Wesley, woyambitsa gulu la Methodist ku England, mu ulaliki wake wa za kavalidwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo iyenso anawanena ngati mwambi woti anthu ankaudziwa kale. Wesley sankalimbana ndi amphawi ovala nsanza ayi. Ankadzudzula okonda zovala zodula, n'kuwauza kuti azivala zotchipa kuti ndalama zotsalazo zithandize osowa. Za ukhondozo anangowonjezera kuopa kuti wina angaganize kuti kuvala modzichepetsa ndiye uve. Mwambiwo unapulumuka, ulalikiwo unaiwalika.

Ife olankhula Chichewa sitingawaseke Angerezi pa nkhaniyi, chifukwa zimene iwo anazilumikiza ndi mwambi, ife tinazimanga m'mawu amodzi. Nsalu ikachapidwa imayera, mtima wa munthu wabwino ndi woyera, Mzimu ndi Woyera, mzungu nayenso timati ndi woyera. Mbali inayo kuli kuda: malaya ada, kunja kwada, munthu wakuda. Ndiye ndikamamva zining'a za Chingerezi zokamba za ukhondo, khutu langa limakhala lozolowera kale chisokonezo chimenechi, ndipo funso limene limandivuta ndi ili: kodi choipa chimene munthu wachita chimachoka monga limachokera litsiro? Zining'azo zandiphunzitsa kuyamba ndafunsa kuti wagwira madzi ndani, nanga akusambitsidwa ndani.

Tiyambe ndi munthu wodzisambitsa yekha. Mngerezi akati "I wash my hands of it" ndiye kuti wachotsamo dzanja, zotsatira zake asafunsidwe. Gwero lake ndi Pontiyo Pilato pa Mateyu 27:24, pamene anatenga madzi n'kusamba m'manja pamaso pa khamu la anthu, kudzichotsa pa mlandu wa magazi a Yesu. Mwambo wake sunali wachilendo kwa Ayuda amene ankamuonererawo. Pa Deuteronomo 21 pali lamulo loti mtembo ukapezeka kuthengo, wopha osadziwika, akuluakulu a mudzi wapafupi aphe ng'ombe yaikazi yaing'ono, asambe m'manja pamwamba pake, n'kunena kuti sanaphe munthuyo ndiponso sanaone wophayo. Taonani kusiyana kwake. Akuluakulu aja ankasamba pa imfa imene yachitika kale iwo osadziwa, ndipo mudzi unkaluza ng'ombe. Pilato anasamba pa imfa imene inali isanachitike, imene sikanachitika popanda chilolezo chake, ndipo sanaluze kanthu. Mateyu satchula amene ananyamula beseni kapena kumene madziwo anatayidwa. Amangonena amene anakwapulidwa pambuyo pake.

Shakespeare ankadziwa kuti kusamba kotere sikugwira. M'sewero la Macbeth, mkazi wa Macbeth amayamba ndi kulimbitsa mwamuna wake mtima kuti madzi ochepa okha achotsa zimene achita kwa mfumu Duncan. Chakumapeto timamuona akuyenda ali m'tulo, akupukuta manja amene aliyense womuyang'ana akuona kuti alibe banga.

Pilato ali ndi abale ambiri m'Chingerezi. "Whitewash" poyamba ndi laimu wopaka khoma, penti ya munthu wosauka. Kenako linakhala dzina la kafukufuku wochitidwa n'cholinga choti wolakwa atuluke wosalakwa. Pambuyo pake pamamvekanso manda opaka njereza a pa Mateyu 23:27, oyera kunja, mafupa m'kati. "Money laundering", kuchapa ndalama, ndi mawu a posachedwa. Anthu amakonda nthano yoti anachokera ku malo ochapira zovala a Al Capone ku Chicago, koma mawuwa anafala m'manyuzipepala m'nthawi ya mlandu wa Watergate, cha m'ma 1973, Capone atamwalira kalekale. Ndalama yochapidwa imakhalabe ya amene anaberedwa. Chachoka ndi fungo lokha loti agalu a boma angalondole.

Chining'a chimene ndimachikonda ndi "a clean slate". Sileti ndi kamwala kafulati kamene ana a sukulu ankalembapo, koma eni mashopu ndi malo omwera mowa ku England ankalembaponso ndi choko ngongole za makasitomala. Mpaka lero munthu wotenga katundu pangongole kumeneko amati amulembe "on the slate". Aliyense amene anaonapo kope la ngongole la pa okala akudziwa lamulo la sileti ngakhale sanaliwerenge: wofufuta ndi mwini katundu. Wangongole akalowa usiku n'kupukuta dzina lake, silinayere siletilo, wangowonjezera kuba pa ngongole. Apa chithunzi cha ukhondo chikunena zoona, chifukwa chikuvomereza kuti pali anthu awiri. Mlandu si chinthu chomata pakhungu la wolakwa chabe. Ndi chingwe pakati pa iye ndi amene anamulakwira, ndipo nsonga inayo ili m'manja mwa mnzakeyo. N'chifukwa chake ndimanyumwa ndikamva wandale amene wangoluza mpando, kapena mwamuna amene wasautsa banja zaka khumi, akulengeza yekha kuti tiyambirenso pa sileti loyera. Choko n'chake, koma chofufutira si chake.

Chapafupi ndi chimenechi ndi "to come clean", kuulula zonse. N'chodabwitsa ndithu: munthu amayera poonetsa litsiro lake, osati polibisa.

Makhothi a ku England ali ndi mfundo yakale yoti wopempha chilungamo abwere ndi "clean hands", manja oyera. Ingamveke ngati khomo lotsekera ochimwa onse, koma pa mlandu wa Dering ndi Earl of Winchelsea mu 1787 woweruza anaiikira malire: litsirolo liyenera kukhudza nkhani imene yabwera kubwalo, osati khalidwe lonse la wodandaulayo. Oweruza anaika malirewo, ife anthu wamba sitiwasunga. Mayi akamenyedwa timayamba ndi kufunsa kuti amabwera nthawi yanji kunyumba. Wantchito akadandaula za malipiro timakumbutsana kuti amamwa mowa. Tikufuna wolakwiridwa ayambe wakhala mngelo tisanamumvere, ndipo popeza angelo kulibe, wolakwayo amagona tulo.

Wolakwa yemweyo amatetezedwanso ndi chining'a china, chakuti osachapa nsalu zakuda pagulu, "to wash one's dirty linen in public". Angerezi anachitenga kwa Afalansa, amene amati zovala zakuda zimachapidwa m'banja, ndipo dzina la Napoleon limatchulidwa kawirikawiri pa mawuwa. Muli nzeru ndithu. Si mkangano uliwonse wofunika mudzi wonse uumve, ndipo kwathu ankhoswe alipo pa chifukwa chomwecho. Koma ankhoswe ndi khomo lotulukira, pamene chining'achi nthawi zambiri chimagwira ntchito ngati loko. M'nyumba za olemera ku England nsaluzo ankachapa ndi antchito, kotero chinsinsicho sichinali chinsinsi kwa aliyense wa m'nyumbamo. Chinkabisidwa kwa okhawo amene akanatha kuchitapo kanthu. Dziko lomwelo linafika mu 1991 khothi lake lalikulu, House of Lords, lisanagamule kuti mwamuna angathe kuimbidwa mlandu wogwiririra mkazi wake. Nsalu zina zinakhala m'dengu zaka mazana.

Choopsa kwambiri chimabwera pamene wamphamvu watenga madzi kuti asambitse ena. M'zaka za m'ma 1800 olemera a ku Britain ankatcha anthu wamba "the great unwashed", chikhamu cha osasamba; Edward Bulwer-Lytton anawagwiritsa ntchito mawuwa mu 1830. Nthawi imeneyo sopo anali ndi msonkho wolemera, umene unaikidwa mu 1712 ndipo unachotsedwa ndi Gladstone mu 1853. Lamulo lolola makhonsolo kumanga mabafa ndi malo ochapira a anthu onse linabwera mu 1846. Ndiye kuti dziko linakweza mtengo wa sopo, n'kutembenuka kuseka amene sangamugule, ndipo mwambi wa Wesley unali pafupi kutsimikizira kuti wosasambayo ali kutalinso ndi Mulungu.

Msonkho utachoka, sopo anasanduka malonda aakulu, ndipo apa nkhaniyi inawoloka nyanja n'kutipeza. Chingerezi chinali kale ndi chining'a chonyansa cha ntchito yosatheka, kusambitsa munthu wakuda kuti ayere, chochokera m'nthano yakale ya Agiriki. Kampani ya Pears inachisandutsa chithunzi chotsatsira malonda m'zaka za m'ma 1880: mwana wakuda akulowa m'bafa, akutuluka thupi litayera, mutu wokha utatsala wakuda. Mu 1899 kampani yomweyo inatsatsa sopo wake ngati sitepe yoyamba pa ntchito ya mzungu yotukula mitundu ina. William Lever, mwini Sunlight ndi Lifebuoy, sopo amene agogo athu anakulira, anatsegula minda ya kanjedza wa mafuta ku Belgian Congo mu 1911, kumene anthu ankagwira ntchito mokakamizidwa. Thukuta la Mwafirika linkapita ku England, n'kubwerera ngati sopo woti Mwafirikayo adziwire kuti ndi wauve. Pamenepa mawu athu aja akuti kuyera anatipweteka kawiri, chifukwa malondawo sanafunike n'komwe kumasuliridwa.

Mary Douglas, m'buku lake la 1966 lotchedwa Purity and Danger, anafotokoza kuti litsiro si mtundu wa chinthu, koma chinthu chilichonse chimene chili pamalo posayenera. Dothi m'munda ndi chuma, pa mphasa ndi litsiro. Ganizoli limaoneka lofatsa mpaka utafunsa kuti wogawa malowo ndani. Munthu akangotchedwa kuti ali posayenera, tsache limakhala lakonzeka. Mawu akuti "ethnic cleansing" anakhazikika m'Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku nkhondo za ku Yugoslavia, ndipo ankatanthauza kupha ndi kuthamangitsa anthu. Kuno kwathu kum'mwera kwa Africa, boma la Zimbabwe mu 2005 linagwetsa nyumba ndi misika ya m'matauni pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, mawu a Chishona onena za kukana litsiro. Lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Palibe amene angavomere kugwetsa nyumba ya mnzake m'nyengo yozizira. Kusesa ndiye aliyense amavomera.

Wina anganene kuti ndikuchitira nkhanza madzi ndi sopo, zinthu zimene zapulumutsa anthu ochuluka kuposa mankhwala ambiri. Sindikukana. Kolera amene anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi mu 2022 ndi 2023 sanali fanizo. Koma mbiri ya kusamba m'manja kwenikweni ikuonetsa kuti ukhondo wa m'zining'a unatsekereza njira ya ukhondo wa pa beseni. Mu 1847, pa chipatala chachikulu cha ku Vienna, dokotala wa ku Hungary dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi obereka ankafa kwambiri m'chipinda cha madokotala kusiyana ndi cha azamba. Madokotalawo ankachoka kong'amba mitembo n'kupita kukagwira amayi. Atalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kuchoka pa amayi 18 mwa 100 alionse mu April kufika pochepera 3 m'miyezi yotsatira. Madokotala ambiri anakana kumumvera. China mwa zimene zinawapsetsa mtima n'chakuti ankadziona ngati anthu olemekezeka, ndipo kuwauza kuti m'manja mwawo muli imfa kunamveka ngati kuwanena kuti ndi anthu oipa.

Semmelweis naye anasamba m'manja pamaso pa anthu, koma madzi ake ankanena zosiyana ndi a Pilato. Ankavomereza kuti manja omwewo, akenso, anali atanyamula matenda kupita kwa amayi amene anabwera kudzathandizidwa, ndipo iye mwini analemba zimenezi poyera. Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chinasunga beseni la Pilato, la Semmelweis sichinalipangire chining'a. Dzina lake limamveka mwa apo ndi apo m'mawu akuti "Semmelweis reflex", onena za chizolowezi chokana umboni watsopano chifukwa ukutsutsa zimene tinazolowera. Anamwalira mu 1865 ku chipatala cha odwala misala ku Vienna, ali ndi zaka 47, patangotha masabata awiri chimutsekereni, chifukwa cha bala la pa dzanja lamanja limene linalowa matenda.