KUTUKWANA KOMANGA CIBALE

Mlendo wofika pa maliro a Mnsenga ku Petauke kapena ku Nyimba amazizwa poona Mbemba alikuthira ufa pamitu ya anamfedwa, namanena kuti wakufayo watsamwidwa ndi mbewa. Anamfedwa sakwiya ai. Amangoti, "Inu ambuya odya anyani, mwadzera nsima basi!" Ndipo amaseka misozi ikali m'maso. Mwambo umenewu ndiwo cimbuya.

Ciyambi cace ndi nkhondo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga. Pambuyo pace anamenyana ndi Abemba kumpoto, koma panalibe wogonjetsa mnzace kotheratu. Mikondo itaikidwa pansi, nkhondo inatsalira pakamwa pokha, ndipo lero Abemba amacita cimbuya ndi mitundu yonse ya Kum'mawa.

Makolo amalangiza ana kuti kutukwana nkoipa. Nanga kutukwana kumeneku kukoma bwanji? Wofuna yankho ayang'ane zimene Mbemba uja acita atatha kuseka. Ndiye amene amakumba manda, kusenza bokosi ndi kusonkhetsa ndalama zothandiza anamfedwa. Ufulu wa kutukwana anaugula ndi thukuta lace. Pakunyoza mnzace poyera, akulengeza kuti cibale cao ncolimba kotero kuti mau sangacithyole.

Zotere sizili kuno kokha. Ku Spain ndi ku Mexico, amuna okondana ndi amuna anzao amaitanizana moseka ndi liu lakuti maricón, lomwelo limene owada amawanyoza nalo m'miseu. Likacoka m'kamwa mwa mnzao wosautsidwa nao pamodzi, limawakumbutsa kuti sali okha. Likacoka kwa mdani, limalasa ngati mubvi. Liu ndi limodzi, koma eni pakamwa ndi awiri.

Apa ndipo pamene acinyamata ambiri otsiriza sukulu amaphunthwa. Mnyamata akapita ku Lusaka kukafuna nchito, amamva akulu akutukwanizana, naganiza kuti nayenso angathe kucha Mbemba ali yense wakuba. Koma ngati sanagwirepo khasu pa manda a Mbemba, mau ace ndi cipongwe cabe. Ndiponso mbuya weniweni amadziwa polekezera: akaona kuti mnzace wapwetekadi mtima, amaleka, nakhala naye cete pamphasa.

Motero munthu asanatsegule pakamwa kunyoza mnzace moseka, ayambe wadzifunsa ngati adzapezeka pakhomo pa mnzaceyo tsiku la maliro.