Manja Awiri, Nkhokwe Yodzala

Aliyense amene anakhalapo pakhonde ku Nsaru kapena ku Kabudula nyengo ya masika, amayi akuswa mtedza wa Chalimbana, anaona kuti ngakhale nkhokwe idzale kufikira kudenga, ngakhale lichero lisefukire, ntchito yeniyeni imachitikira pa zala, pamene pamakwana mtedza umodzi kapena uwiri. Ndakhala ndikusinkhasinkha ngati kuchepa kwa manja athuku kuli mbali ya temberero la m'munda wa Edeni kapena chifundo cha Namalenga, ndipo chondiunikira ndinachipeza m'kati mwa kompyuta.

Purosesa, imene ndiyo mtima wa makinawo, ili ndi timalo towerengeka totchedwa ma register, momwe nambala zotapidwa ku memory, nkhokwe yaikulu koma yakutali, zimaikidwa kuti ziwerengedwe msanga. Purosesa ya 6502, imene inatuluka mu 1975 ndi kuyendetsa Apple II, inali ndi timalo totere titatu, A, X ndi Y. Ya ARM ya 64-bit, imene ili m'mafoni ambiri otumizira ndalama pa msika wa Namitete, ili ndi 31. Mmisiri wolemba m'chinenero cha assembly, amene alibe womusankhira, ayenera kugamula yekha pa mzere uliwonse nambala yoti aifumbate ndi yoti aitule. Akaumirira zonse malo amamuthera, nayamba kupita ndi kubwera ku nkhokwe, nthawi ikutayika. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma chimene chimandikhudza mtima koposa ndi pangano limene amisiriwo amasunga: gawo la pulogalamu likabwereka ena mwa malowa, liyenera kusunga zimene linapezamo ndi kuzibwezera lisanachoke, monga munthu waulemu amabwezera khasu la mnansi lili ndi mpini wake. Gawo limodzi likaswa panganoli, limene limalakwitsa masamu ndi gawo lina losachimwa.

Ana a Israyeli m'chipululu analamulidwa kutola mana a tsiku limodzi, ndipo amene anasungira mawa anawapeza atagwa mphutsi. Munthu wokhoza kufumbata zonse sakadaphunzira kusankha, sakadabwereka, sakadadziwa khomo la mbale wake. Chifukwa chake ine ndikukana kuti manja awiriwa ndi chilango. Chauta anatipimira dala.