Luso la Mwana ndi la Yani? Mapulogalamu Osula Madalaivala a Mpikisano ndi Funso la Umwini

Matimu akuluakulu a mpikisano wa galimoto wa Formula 1 ali ndi mapulogalamu osula madalaivala achinyamata. Timu imasankha mwana amene waonetsa luso pa timagalimoto ta kart, nthawi zina asanakwanitse zaka 13, n'kusayina naye mgwirizano kudzera mwa makolo ake. Kuyambira pamenepo imamulipirira ndalama za mipikisano, zonse kapena mbali chabe, imamupatsa aphunzitsi olimbitsa thupi ndi akatswiri a kadyedwe, imamuzoloweza kukambirana ndi mainjiniya ndi atolankhani, ndipo akasinkhuka imamuika pa makina oyeserera kuyendetsa otchedwa simulator. Posinthana ndi zonsezi, timu ndiyo imasankha mipikisano imene mwanayo azilowa, ndipo imakhala yoyamba kumulemba ntchito akadzafika pamwamba.

Makwerero ake ndi odziwika. Mwana amayamba ndi kart ali ndi zaka 6 mpaka 8, amalowa Formula 4 akakwanitsa zaka 15, kenako Formula Regional, Formula 3 ndi Formula 2. Sitepe iliyonse ndi yodula kuposa yam'mbuyo, moti ulendo wonse umadya mamiliyoni a ndalama za euro. Pamwamba penipeni mipando ndi yochepa: inali 20 mpaka 2025, ndipo yafika 22 chifukwa cha kubwera kwa timu ya Cadillac mu 2026. Red Bull inakhazikitsa pulogalamu yake mu 2001, ndipo Helmut Marko wa ku Austria anaitsogolera kwa zaka zoposa 20. Ferrari inatsegula yake mu 2009, wophunzira woyamba ali Jules Bianchi wa ku France. Mercedes, McLaren, Alpine ndi Williams nawo ali ndi awo.

Dongosolo limeneli limadzutsa funso lakale la anthu oganiza mozama ndi la zipembedzo. Luso likakula ndi thukuta la mwana, kudzimana kwa makolo ndi ndalama za kampani, mwini wake ndani? Funsoli lili ndi mbali zitatu: zimene wopambana angadzitame nazo, zimene wothandiza angaitanitse, ndi zimene akulu angasankhire mwana.

Khama, chibadwa ndi mwayi

Mpikisano umaoneka ngati bwalo la chilungamo chenicheni, popeza wotchi siikondera. Komabe wotchi imayeza okhawo amene afika pamzere woyambira, ndipo njira zofikira pamenepo n'zosiyana. Lewis Hamilton anakulira ku Stevenage ku England, ndipo bambo ake, Anthony, ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti alipirire kart ya mwana wawo. Mu 1998 McLaren ndi Mercedes anamutenga ali ndi zaka 13, mu 2007 analowa Formula 1, ndipo wakhala katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri. Makolo a Esteban Ocon wa ku France anagulitsa nyumba n'kumakhala m'kalavani kuti mwana wawo asasiye mpikisano. Max Verstappen anabadwira m'masewerawa: bambo ake, Jos, anayendetsapo mu Formula 1, ndipo mayi ake, Sophie Kumpen, anali katswiri wa kart. Bambo a Lance Stroll, omwe ndi mponda matiki wa ku Canada, anatsogolera gulu limene linagula timu ya Force India mu 2018, ndipo mwana wawo anayamba kuyendetsera timuyo chaka chotsatira.

Onse anayiwa anachita khama, koma palibe amene anasankha banja lobadwiramo, dziko lokuliramo, kapena maso ndi manja ofulumira amene anabadwa nawo. John Rawls, m'buku lake la 1971 lotchedwa A Theory of Justice, ananena kuti luso lachibadwa limagawidwa ngati maere, choncho munthu sanganene kuti analigwirira ntchito, ndipo ngakhale mtima wolimbikira umadalira kaleredwe. Buku la Mlaliki, chaputala 9 vesi 11, linafika pa mfundo yofananayo kalekale pophunzitsa kuti liwiro ndi mphamvu sizitsimikizira chipambano, chifukwa nyengo ndi zogwa mwadzidzidzi zimakhudza aliyense.

Mapulogalamu osula madalaivala amachepetsa kusalingana kumeneku, koma sakuthetsa. Popanda McLaren, luso la Hamilton likanatha kuthera pa kart. Vuto ndi lakuti ofunafuna luso amapita kumene kuli kale mipikisano yodula ya kart, makamaka ku Italy ndi maiko ena a ku Ulaya, ndipo mwana amafika kumeneko pokhapokha wina atamulipirira. Mu Africa, mpikisano womaliza wa Formula 1 unachitikira ku Kyalami ku South Africa mu 1993. Mkazi womaliza kuyamba mpikisano wa Formula 1 anali Lella Lombardi wa ku Italy mu 1976, ndipo n'chifukwa chake mu 2023 kunakhazikitsidwa F1 Academy ya atsikana okhaokha. Wopambana, tsono, ndi wopambana pakati pa ochepa amene anaonedwa. Izi sizichotsa ulemu wa khama lake, koma zimamulanda chifukwa chonenera kuti zonse anazipeza yekha.

Ngongole ya wothandizidwa

Ngati luso si la mwana yekha, ena angaganize kuti ndi la amene analipira. Timu ya mpikisano si bungwe lachifundo. Imasula ana ambiri podziwa kuti mmodzi kapena awiri okha ndiwo adzabweze ndalamazo. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, umavomereza kuti kulera mwana wa wina kumayenda ndi chiyembekezo cha phindu, ndipo pamenepo palibe tchimo. Funso limabuka pamene phindulo laphimba mwanayo.

Immanuel Kant, mu 1785, anaika malire ake motere: munthu angathe kupindula ndi mnzake, koma asamutenge ngati chida chabe, chifukwa munthu aliyense ali ndi ulemu umene sugulidwa. Mbiri ya Red Bull imaonetsa kuvuta kwa malirewa. Pulogalamuyi inatulutsa Sebastian Vettel, katswiri wa dziko lonse kuyambira 2010 mpaka 2013, ndi Verstappen, katswiri kuyambira 2021 mpaka 2024. Inatchukanso ndi kuchotsa anthu mofulumira. Jaime Alguersuari analowa Formula 1 mu 2009 ali ndi zaka 19, anachotsedwa kumapeto kwa 2011 ali ndi zaka 21, ndipo sanabwererenso. Daniil Kvyat anatsitsidwa kuchoka ku Red Bull kupita ku timu yake yaing'ono ya Toro Rosso mu May 2016 patangotha mipikisano inayi, ndipo Verstappen, amene analowa m'malo mwake, anapambana mpikisano wa ku Spain pa ulendo wake woyamba. Liam Lawson anatsitsidwa mu 2025 patangotha mipikisano iwiri.

Oikira kumbuyo kachitidwe kameneka amati achinyamatawo analandira mwayi umene sakanaugula okha, ndipo ambiri anapeza ntchito kwina. Sébastien Buemi anapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans kanayi, ndipo Jean-Éric Vergne anakhala katswiri wa Formula E kawiri, onse atachoka ku Toro Rosso. Otsutsa amati munthu wa zaka 21 amene moyo wake wonse unamangidwa pa cholinga chimodzi sangatayidwe ngati tayala lakutha. Mwa maganizo a Kant, kuchotsa dalaivala wosachita bwino si kulakwa. Kulakwa ndi kumuchotsa ngati kuti kunja kwa galimoto kulibe munthu.

Nkhani ya Oscar Piastri wa ku Australia imatembenuza funsoli. Alpine, imene mpaka 2020 inkatchedwa Renault, inamuthandiza, iye n'kupambana Formula 3 mu 2020 ndi Formula 2 mu 2021, koma mu 2022 analibe mpando. Mu August chaka chimenecho Alpine inalengeza kuti adzayendetsera timuyo mu 2023, iye n'kukana poyera, popeza anali atasayina kale ndi McLaren. Komiti yoona za migwirizano ya madalaivala inagamula mu September kuti mgwirizano wa McLaren ndiwo unali wovomerezeka. Atsogoleri a Alpine anadandaula kuti mnyamatayo sanaonetse kukhulupirika. Mlanduwu ukusiyanitsa ngongole ziwiri. Ngongole ya papepala ili ndi malire ndipo imatha. Kuthokoza kulibe malire, koma sikuitanitsidwa mokakamiza, chifukwa mphatso imene mwini wake akulondola malipiro ake yasanduka malonda. Timu ili ndi ufulu pa zimene zinalembedwa, ndipo ingayembekezere ulemu, koma sinagule tsogolo la munthu.

Zimene akulu amasankhira mwana

Mbali yachitatu ndi yolemera kuposa zinzake chifukwa imakhudza moyo. Andrea Kimi Antonelli wa ku Italy analowa pulogalamu ya Mercedes mu 2019 ali ndi zaka 12, ndipo mu 2025 anatenga mpando wa Hamilton ku timuyo ali ndi zaka 18. Pa msinkhu wa zaka 12 mwana angathe kukonda masewera ndi mtima wonse, koma sangathe kuyeza zimene akutaya: maphunziro a m'kalasi, anzake, ndi ntchito zina zimene akanadzazikonda. Joel Feinberg, mu 1980, anati mwana ali ndi ufulu wofika pauchikulire njira zake zikadali zotsegula. Komatu mfundo imeneyi ili ndi vuto lake. Amene sanayambe kart ali wamng'ono sangadzafike mu Formula 1, choncho kudikira kuti mwana akule nakonso ndi kumutsekera njira. Kholo silingathawe kusankha. Chimene lingathe ndi kusankha m'njira yoti mwana akhale ndi kobwerera.

Palinso ngozi. Anthoine Hubert wa ku France, wophunzira wa pulogalamu ya Renault, anamwalira pa 31 August 2019 pa mpikisano wa Formula 2 ku Spa-Francorchamps ku Belgium ali ndi zaka 22. Mu July 2023 Dilano van 't Hoff wa ku Netherlands anafera pa bwalo lomwelo ali ndi zaka 18. Bungwe la FIA, loyang'anira masewerawa, linavomereza kuti msinkhu uli ndi kanthu: Verstappen atalowa Formula 1 mu 2015 ali ndi zaka 17, linalamula kuti kuyambira 2016 laisensi yapamwamba iziperekedwa kwa wa zaka 18 amene wasonkhanitsa mapointi 40 m'mipikisano yapansi, ngakhale mu 2024 linalola kuti wa zaka 17 waluso lapadera aziganiziridwa. Lamulo lotere limateteza khomo lomaliza lokha. Udindo wa zaka zoyambirira umatsalira makolo ndi matimu.

Yankho la zipembedzo

Chikhristu ndi Chisilamu zimayankha funso la umwini pochotsa umwiniwo m'manja mwa onse atatu. Paulo, pa 1 Akorinto 4 vesi 7, amakumbutsa kuti chilichonse chimene munthu ali nacho anachita kulandira, choncho alibe chodzitukumulira. Fanizo la matalente pa Mateyu 25 limaonetsa antchito osungitsidwa chuma chosiyana kuchuluka, amene pambuyo pake amafunsidwa mmene anachigwiritsira ntchito. Chisilamu chimaphunzitsa kuti thupi, nzeru ndi ana ndi zosungitsidwa ndi Mulungu, ndipo wosunga adzayankha pa tsiku la chiweruzo. Mwa kaonedwe kameneka mwana ndi wosunga luso lake, ndipo kholo ndi timu ndi osunga mwanayo.

Fanizo la matalente limamveka ngati likuvomereza kutaya wofooka, koma silitero. Wantchito wa matalente awiri analandira chiyamiko chofanana ndi wa matalente asanu, ndipo amene anadzudzulidwa ndi wokwirira chuma, osati wopindula pang'ono. Muyeso wake ndi kukhulupirika pa zimene munthu anapatsidwa, pamene muyeso wa mpikisano ndi kuposa ena. Felipe Drugovich anapambana Formula 2 mu 2022 ndi Théo Pourchaire mu 2023, koma onse awiri sanapeze mpando mu Formula 1 chaka chotsatira, ndipo malamulo salola katswiri wa Formula 2 kubwereza mpikisanowo. Pa muyeso wa msika iwo anatsalira, koma pa muyeso wa fanizoli palibe chowatsutsa.

Muyeso wa pulogalamu yabwino

Maganizo a Rawls, Kant, Feinberg ndi a zipembedzo amachokera kosiyana, koma pa nkhaniyi amakumana. Luso silili la munthu mmodzi, choncho wopambana ali ndi udindo kwa amene sanaonedwe. Hamilton anachitapo kanthu pa mfundoyi pokhazikitsa komiti yofufuza chifukwa chake anthu akuda ndi ochepa m'masewerawa ku Britain, imene inatulutsa lipoti lake mu 2021. Luso silili la kampani, choncho mgwirizano uyenera kukhala womveka, wokhala ndi mapeto, ndiponso wosatsekereza dalaivala amene timu ikulephera kumupatsa mpando. Luso silili la kholo, choncho mwana ayenera kupitiriza sukulu ndi kuloledwa kusiya popanda kumuona ngati wapereka banja lake.

Kawirikawiri mapulogalamuwa amayesedwa ndi chiwerengero cha akatswiri amene atulutsa. Muyeso umenewo ndi wa bizinesi, ndipo umawerenga ana ochepa okha. Popeza ambiri mwa olowa m'mapulogalamuwa safika mu Formula 1, muyeso wa chilungamo umayang'ana iwowo: ngati anauzidwa zoona za mwayi wawo, ngati anatetezedwa pa msewu, ndiponso ngati anachoka ali ndi maphunziro ndi njira ina yopezera zosowa za moyo.