Uve wa m'zipinda za pansi pa nthaka: mlandu ngwa yani?

Tikaona munthu akukhala mu uve, lilime lathu limathamangira kumutcha waulesi. Mbiri ya mizinda ya mafakitale ku France imatikakamiza kudekha tisanaweruze.

M'zaka za m'ma 1830, mafakitale a thonje a mumzinda wa Lille anakoka anthu ochuluka kuposa nyumba zimene zinalipo. Mabanja ambiri ankachita lendi zipinda zokumbidwa pansi pa nyumba za eni chuma, zachinyontho, momwe kuwala ndi mpweya zinkalowera pakhomo pokha. Dokotala Louis-René Villermé anatsikira m'zipindazo, ndipo m'buku lake la 1840 anafotokoza za makolo ndi ana ogona mothithikana pa zofunda zakuda bii. Komabe iyenso anaika gawo lina la mlandu pa uchidakwa wa antchitowo.

Sitikukana kuti mowa umasakaza banja. Koma mayi angasese kangati kuti khoma lisiye kuchucha madzi? Kuyambira mu 1798 boma la France linkakhometsa msonkho pa zitseko ndi mawindo, kotero womanga nyumba za lendi ankapindula pochepetsa mawindo. Mdima umene ana ankatsokomolamo unali phindu m'thumba la munthu wina. Tikuona kuti mlandu umakula molingana ndi mphamvu imene munthu ali nayo yosintha zinthu, ndipo wolipira lendi ndiye anali ndi mphamvu yochepetsetsa.

Chimene chinadzutsa olemera ndi mantha. Kolera ya mu 1832 inapha anthu pafupifupi 18,000 mu Paris, kuphatikizapo nduna yaikulu Casimir Périer. Nthendayo inakantha kwambiri m'makwalala a amphawi, koma inasonyeza kuti siima pa chipata cha munthu. Itabweranso mu 1849, aphungu anakhazikitsa lamulo la pa 13 Epulo 1850 lokhudza nyumba zowononga thanzi. Chifundo chobadwa ndi mantha sitichinyoza, pakuti mwana wopulumuka safunsa chimene chinali mumtima mwa womupulumutsa.

Chotidandaulitsa n'chakuti lamulolo linasiyira makhonsolo ufulu wosankha ngati akufuna kukhazikitsa komiti yoyendera nyumba kapena ayi, pamene makhansala ambiri anali eni nyumba. Mbuzi anaisungitsa fisi. Mizinda yochepa yokha ndiyo inaligwiritsa ntchito mwakhama. Mu 1851 mlembi Victor Hugo atatsikira m'zipinda za pansi za ku Lille, anapeza mabanja akadali momwemo.