Gawo Loyamba Ndi la Yani?

Pa 28 June 2020 khamu linadzaza bwalo la Malawi Square ku City Centre kudzaonerera Dr Lazarus Chakwera akulumbira kukhala mtsogoleri wa dziko. Ambiri anabwera pa minibasi ndi pa kabaza kuchokera ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 25, ndipo mwambo utatha anabwerera kwawo, kumene mabwalo ake ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja.

Pakati pa mzindapa sipanamangidwe tsiku limodzi. Likulu linachoka ku Zomba mu 1975, Capital Hill itamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa. Chiliza cha Kamuzu chinatsegulidwa mu 2006, Nyumba ya Malamulo mu 2010, kenako nyumba ya misonkhano ya BICC ndi hotela yake. Mu 2021 ntchito yokuza msewu wa Kenyatta inayamba, mitengo ikuluikulu yomwe inkapatsa mthunzi oyenda pansi n'kugwetsedwa, anthu n'kudandaula. Gawo lina likatha, lina limayamba pafupi pomwepo.

Kumanga pang'onopang'ono si tchimo. Mkhristu wa ku Area 23 amakudziwa bwino: chaka chino maziko, chaka chamawa khoma lifike m'mawindo, kenako pepa Sande ya malata. Koma pa tchalitchi, mayi amene anasenza njerwa sauzidwa kuti adikire panja mpaka denga lithe. Amalowa, n'kukhala pa njerwa yomweyo, n'kuyimba. Gawo loyamba ndi lakenso.

Mu mzinda sizili choncho, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mapulani imasanduka nkhani ya chikumbumtima. Wosankha poyambira ntchito amasankhanso amene adikire. Boma ndi khonsolo zikhoza kuwerenga zaka makumimakumi osatopa, koma munthu moyo wake ndi umodzi. Mwana amene anabadwira ku Kawale chaka chimene likulu linasamuka, lero ena akumutcha agogo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mu mzindawu, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala m'malo onga Chinsapo ndi Mgona. Kodi lonjezo loti "nanunso tikufikani" limakhalabe lonjezo ngati wolonjezedwayo adzaikidwa m'manda lisanakwaniritsidwe?

Buku la Nehemiya lili ndi zonena pa nkhaniyi. Linga la Yerusalemu linamangidwanso m'masiku 52, ndipo ntchito inagawidwa kotero kuti ambiri ankakonza chigawo choyang'anana ndi nyumba zawo. Ntchito ili mkati, osauka anadandaula kuti minda yawo yapita ndi ngongole, ana awo akusanduka akapolo. Nehemiya sanawauze kuti nkhaniyo idikire linga lithe. Anaitanitsa msonkhano, n'kulumbiritsa olemera kuti abweze minda. Pambuyo pake ndi pamene amuna ndi akazi anasonkhana pa bwalo la ku Chipata cha Madzi kumvetsera Ezara akuwerenga Malamulo. Bwalo limenelo linali lawo onse chifukwa mlandu wa osauka unali utaweruzidwa kale.

Ena amati likulu ndi nkhope ya dziko, choncho pakati pake pazioneka bwino kuti alendo ndi amalonda akopeke. Sakunama. Misewu yotakasuka imathandizanso minibasi ya ku Area 25, ndipo palibe Mmalawi amene amanyadira likulu lonyansa. Koma mfundoyi yagwira ntchito kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndipo nthawi zonse imaloza mbali imodzi ya mzinda.

Bwalo limene anthu amaligwiritsadi ntchito lili ku Kawale. Pa bwalo la Masinthali pamaseweredwa mpira, pamachitika misonkhano ya chitsitsimutso, ndipo nyengo ya kampeni ikafika atsogoleri a zipani amabwera ndi zimkuzamawu kudzapempha mavoti. Iwo eni amadziwa kumene kuli anthu. Zofunika pa bwalo lotere si zodula ngati msewu wa mizere 6: mitengo ya mthunzi, mpopi wa madzi, zimbudzi zaukhondo, magetsi oti mayi wogulitsa mandasi aweruke mopanda mantha. Zimenezi zikhoza kulowa m'bajeti ya chaka chimodzi, ndipo mipingo ndi mizikiti ya ku Kawale, yomwe imadziwa kale kumanga ndi ndalama zosonkha, ili ndi mphamvu yofunsa khansala wawo kuti ntchitoyo iyamba liti.