KODI NDI BELU KAPENA NDI NYAMBO?

Kuyambira ku Mponela ndi ku Madisi mpaka kumapiri a Ntchisi, lamya ya m'manja yalowa m'nyumba zambiri. Imatiuza mtengo wa soya ndi mtedza, ndipo chibwerere Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, timatumizira mwana wa pasukulu ndalama osakwera galimoto. Komatu tidzifunse: n'chifukwa ninji dzanja lathu limathamangira lamya ngakhale palibe watiitana?

Sizichitika mwangozi ayi. Amisiri okonza zooneka pagalasi la lamya amaudziwa mtima wa munthu. Amaika kadontho kofiira pakuti diso silichedwa kuona kufiira. Amasankha kaliridwe kokoma ndi kunjenjemera kofatsa m'thumba. Mu 2009 Facebook inaika chizindikiro cha chala chachikulu, ndipo tonsefe tili nalo ludzu la kuyamikiridwa. Aza Raskin, amene mu 2006 anakonza njira yoti nkhani zizingobwera mopanda mathero, pambuyo pake anadandaula poyera poona nthawi imene anthu amatayirapo.

Kodi tsono kukopa maso ndi makutu ndi tchimo? Iyayi. Mpingo nawonso umatero ndi belu, lubani, ng'oma ndi zovala za wansembe zosintha mtundu pa Lenti ndi pa Pasaka. Mulungu anatilenga ndi thupi, ndipo choona chimatifika podzera pazipata zomwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti belu likatiitana limakhala chete, popeza ntchito yake n'kutifikitsa kwa Mwini wake. Nyambo siitero: imafuna kuti nsomba isachoke pambedza. Makampani ambiri amapindula ndi otsatsa malonda, choncho ola lililonse limene maso athu akhala pagalasi ndi ndalama kwa iwo. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Inter Mirifica, unaphunzitsa kuti udindo pazida zofalitsira nkhani uli pa ozikonza, pa ozigwiritsa ntchito, ndiponso pa makolo. Achinyamata amene akuphunzira kupanga mapologalamu a lamya ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndi ana athu ena otsata luso lomweli, adzifunse ngati chimene akupangacho chidzamasula mnzawo akatha chosowa chake, kapena chidzamumanga.

Nafenso makolo tisaloze ana okha. Gogo akamasimba nkhani ife maso ali pagalasi, tamumana ulemu umene sitingaubweze mawa. Pa nthawi ya nsima ndi ya Korona wamadzulo, lamya zonse, kuyambira ya bambo, zikhale m'dengu mpaka titamaliza.